Kukaona nyama ku Liwonde n'kugona kwanu ku Zomba: malangizo kwa anzanga opuma pa ntchito

Msewu wa ku Liwonde ndaudutsa kosawerengeka pa zaka zonse zimene ndinkagwira choko. Kaya ndi ku maliro, ku misonkhano ya aphunzitsi, kapena ku Lilongwe kokatsata mapepala a penshoni, njira inali yomweyo. Chikwangwani cholozera ku paki ya nyama ya Liwonde ndinkachiona pawindo la basi, koma mumtima ndinkati zimenezo n'za azungu a makamera ataliatali. Ana a sukulu ndawajambulira njovu pabolodi kambirimbiri, pomwe ine mwini wake njovu yamoyo ndinali ndisanaionepo. Ndinakaiona nditapuma kale, kumutu kuli mbuu, ndili ndi anzanga asanu ndi awiri a kumpingo ndi a ku banki m'khonde. Tsopano tapitako katatu. Ulendo woyamba tinalakwitsa zambiri, wachiwiri pang'ono, wachitatu ndiye unayenda myaa.

Ulendo wa anthu amene adutsa zaka 60 sakonza ngati wa achinyamata. Amene amalamula ndi mawondo, chikhodzodzo ndi thumba. Mukagwirizana ndi atatu amenewa, zotsalazo mtsinje wa Shire ukuchitirani wokha.

Yambani ndi anthu ndi ndalama

Musaitane mpingo wonse. Anthu asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu ndiye bwino, kuti aliyense apeze windo lake. Wokhala pakati m'minibasi saona njovu, amaona makosi a anzake. Sankhaninso anthu oti mukati 5 koloko iwo amve 5 koloko. Tonse tili naye mnzathu uja amene mukamuimbira amati "ndili panjira" madzi osamba akadali pamoto. Ameneyo muuzeni nthawi yabodza.

Mukadziwana, sankhani msungichuma mmodzi, wa kope ndi cholembera, ndipo ndalama zonse zimufike kutatsala sabata yathunthu. Ife tinkasonkha miyezi itatu, nthawi iliyonse penshoni ikalowa, ena pamanja, ena pa Airtel Money kapena Mpamba. Zolipira ndi izi: kubwereka galimoto, mafuta, ndalama yolowera munthu aliyense, ndalama yolowera galimoto (imeneyi ndi yapadera, ambiri amaiiwala), boti, chakudya chamasana, ndi kangachepe ka wolondolera alendo. Dalaivala nayenso ndi munthu, amalipiridwa pageti ndipo amadya. Pamwamba pa zonsezi onjezani ina yoti ikhale ya mwadzidzidzi, ya tayala likaphulika. Ikapanda kugwira ntchito mudzagawana madzulo.

Chifukwa chimene ndikulimbikira kusonkheratu n'chakuti ulendo woyamba tinati aliyense akalipira yekha pageti. Titafika, achimwene ena anayamba kusisita matumba onse anayi, nkhope ili yachisoni ngati ya pamaliro, amvekere chikwama chatsala m'jekete lina. Tinawalipirira. Mpaka lero jeketelo silinapezeke.

Mwezi ndi tsiku

Pitani nthawi yachilimwe. Kuyambira Disembala mpaka Epulo dothi la m'pakimo limasanduka phala, misewu ina imatsekedwa, udzu umatalika ndipo nyama zimabalalika chifukwa madzi zimawapeza paliponse. Mvula ikatha, zithaphwi zimauma pang'onopang'ono ndipo nyama zonse zimatsikira ku Shire. Kwa ife achikulire, miyezi yabwino ndi Julayi, Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala: udzu wagwa, nyama zikuoneka, dzuwa likadali laulemu.

Okutobala ndi pamene nyama zimaunjikana kwambiri kumtsinje, koma ine sindingatengereko munthu wa bipi. Kumbukirani kuti tawuni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, pomwe Liwonde ali m'chigwa, pa mamita osakwana 500. Thupi lozolowera kamphepo kotsika m'phiri la Zomba likafika kumeneko mu Okutobala limangoti lefu.

Tsiku lake likhale lapakati pa sabata, Lachiwiri kapena Lachitatu. Umenewu ndiye mwayi wathu opuma. Loweruka n'la maukwati ndi zinkhoswe, Lamulungu n'la kutchalitchi, ndipo masiku awiriwa ndi amene anthu a pantchito amadzaza maboti.

Galimoto ndi dalaivala

Funani galimoto yokwera pansi pake. Siyofunika kuti ikhale ya mphamvu zinayi (4x4) nthawi yachilimwe, koma timagalimoto tofupika tija timene timakhula pansi pa hampu iliyonse tisiyeni. Minibasi yabwinobwino imafika, bola mawindo ake azitseguka. Pitani mukaione ndi maso anu dzulo lake. Tsegulani windo lililonse, onani matayala, funsani sipeya, jeke ndi sipanala. Onaninso mapepala a inshuwalansi, a COF ndi laisensi ya dalaivala, pakuti apolisi a pamsewu simungawaphonye panjira imeneyi. Mafuta thirirani ku Zomba konkuno dzulo lake, thanki idzaze. M'paki mulibe pothirira, ndipo kudalira kuti mukawapeza kutsogolo ndi mmene mafuta amasowera masiku ena n'kudziika pa mpanipani.

Dalaivala mukambirane naye momveka. Wathu woyamba anali mnyamata wa pasiteji, wozolowera kulimbirana makasitomala. M'paki ankathamanga ngati akufuna kupitirira basi ina ku Songani, wailesi ili pamwamba, ndipo ataona nyani pamsewu anaimba hutala. Muuzeni kuti mwabwereka galimotoyo tsiku lonse, kuti m'paki ayenda ngati akuperekeza mkwati, ndi kuti wina akati "taimani" aime osafunsa. Panganinso kuti panjira satola munthu wina aliyense.

Imbani foni musanapite

Safunsa anadya phula. Kutatsala masiku angapo, wina aimbire ofesi ya paki afunse mtengo wolowera wa Amalawi, wa galimoto, nthawi yotsegula ndi yotseka geti, njira yolipirira imene akulandira, ndiponso ngati mungapeze wolondolera alendo wokwera m'galimoto yanu. Mitengo imasintha, choncho musadalire zimene anakuuzani mlamu wanu amene anapitako zaka zitatu zapitazo.

Foni yachiwiri ndi ya boti. Maboti amanyamukira ku malo ogona alendo a m'mbali mwa Shire, ena m'tawuni ya Liwonde momwemo, ena kufupi ndi paki, enanso ku Mvuu Camp m'katikati mwa paki. Sungitsani malo a ulendo wonyamuka cha m'ma 2 koloko masana. Funsani ngati botilo lili ndi denga, ngati muli majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ngati ndalama yolowera m'paki ili kale m'kati mwa mtengowo, komanso mmene pokwerera pake palili. Funso lomalizali musaliseke. Mayi wa bondo lotupa sangalumphire m'boti kuchokera pa gombe loterera. Kumeneko muitanitsiretu chakudya chamasana ngati mukufuna kudya chophikidwa.

Usiku woti mawa ndi ulendo

Choyamba kulowa m'chikwama ndi chiphaso cha unzika. Mmalawi amalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, koma umalawi wanu pageti suoneka ndi Chichewa chanu, umaoneka ndi chiphaso.

Chachiwiri ndi mankhwala. A shuga ndi a bipi atenge awo a tsiku lonse, ndi buku lawo la kuchipatala. Wa shuga asunge maswiti kapena timapaketi ta shuga m'thumba, ndipo auze woyandikana naye kuti akamuona akunjenjemera, akutuluka thukuta kapena akuyankhula zosokonekera, amupatse chotsekemera msanga. Mapiritsi ena a bipi amakodzetsa, ndipo apa ndi pamene pali nkhani, chifukwa m'paki simuima paliponse kuti mutaye madzi. Musangolumpha kumwa mwa nzeru zanu. Funsani a kuchipatala tsiku la sikelo yanu ngati n'kotheka kusintha ola lomwera tsiku limenelo.

Zovala zikhale zofiirira, zobiriwira kapena zotuwa ngati dothi. Zakuda ndi zabuluu zimakopa kashembe, ndipo kashembe akaluma umadumpha ngakhale uli mkulu wa mpingo. Suti ndi tayi zitsale, azibambo anzanga, sitikupita ku sinodi. Ponyamuka muvale juzi poti Zomba wa Julayi m'mawa sasewera, koma m'kati mwake mukhale chopepuka chifukwa pofika 10 koloko mudzaivula. Chipewa, nsapato zotseka zosaterera, ndi chitenje chotchingira fumbi ndi dzuwa. Wa msana atenge kapilo.

Madzi akumwa, malita awiri munthu aliyense. Kamba wa panjira ndi wodziwika kale: tiyi m'fulasiki, mbatata yophika, mazira owiritsa, zitumbuwa, mtedza wokazinga, nthochi za pamsika wa Zomba. Tengani jumbo ya zinyalala, pepala la kuchimbudzi ndi sopo. Foni zigone pa chaji, ndipo mufufutemo mavidiyo a m'magulu a WhatsApp kuti zithunzi zipeze malo. Ngati wina mwa ana anu ali ndi magalasi oonera patali, bwerekani. Awiri okha akwanira gulu lonse.

Panjira

Nyamukani 5 koloko m'mawa. Kuchoka ku Zomba kufika ku Liwonde ndi makilomita opitirira pang'ono 50 pa msewu wa M3, kudutsa Chinamwali, Songani, Domasi, Malosa ndi Machinga. Ikani ola limodzi ndi theka, chifukwa cha malo okumbika, njinga za makala ndi zokhota za potsetsereka ku Machinga. Kumanani pamalo amodzi. Mukati galimoto izungulire kutola aliyense pakhomo pake, Matawale, Sadzi, Chikanda, Mpondabwino, dzuwa likutulukirani mukadali m'tawuni.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi woti gawo lalikulu la paki lili tsidya lathu lino, kuvuma kwa Shire. Simuwoloka mlatho. Mukalowa m'tawuni ya Liwonde mumakhotera kumanja pa msewu wa ku Ntaja, kenaka mumatsata zikwangwani pa msewu wafumbi, makilomita pafupifupi 6 kufika pageti. Musanakhote, imani pamalo pamene pali chimbudzi, ndipo aliyense alowe, ngakhale amene akuti sakumva kanthu. Pageti alowenso kachiwiri. Ndikudziwa kuti ndikubwereza, koma amene anakhalapo ola lathunthu atapinda miyendo uku njati zili mbali zonse za galimoto andimvetsa.

Pageti

Msungichuma ndi munthu mmodzi atsike ndi ziphaso zonse, alipire, asunge malisiti mpaka madzulo. Enanu imwani tiyi. Funsani a gemu kumene njovu zaoneka m'mawa umenewo ndi misewu imene ili bwino, ndipo mulembe nambala yoimba galimoto ikakufera m'kati.

Ngati wolondolera alendo alipo, mutengeni. Ndalama imeneyo simudzaidandaula. Maso athu anazolowera bolodi, mafayilo ndi zipatala. Iye amaona khutu likugwedezeka m'tchire pamene ife tikuona tchire lokha.

Malo amene mukulowawa anakhazikitsidwa kukhala paki mu 1973, ndipo ndi aakulu masikweya kilomita 548. Mmene bungwe la African Parks linkayamba kuwayendetsa mu 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, tchire lonse linali misampha ya waya yokhayokha, ndipo njovu zinkatuluka kukadya chimanga cha anthu ndi kupha anthu m'midzi yozungulira. Anachotsa misampha yoposa 30,000 n'kumanga mpanda wamagetsi umene muuone polowa. Zimenezi muzidziwe kuti wina akayamba kudandaula za mtengo wa pageti mukhale ndi chomuyankha.

M'kati mwa paki

Lamulo lalikulu ndi limodzi: simutsika m'galimoto kupatula pamalo ololedwa. Mikono ndi mitu ikhale m'kati. Wailesi izime, foni zikhale chete, ndipo nkhani za ndale zidikire pobwerera.

Musalakelake kumaliza paki yonse. Ku Mvuu Camp ndi makilomita pafupifupi 30 kuchokera pageti, ndipo pa msewu wafumbi, mukuima apa ndi apo, maola awiri amatha. Kupita ndi kubwerera, misana yathu imakhala yatheratu boti lisanakwereke. Ngati boti lanu silili kumeneko, zungulirani chigawo chakumwera, mozungulira phiri la Chinguni ndi m'madambo oyang'ana kumtsinje. Nyama zilipo zokwanira.

Oyamba kukulandirani adzakhala nswala, nyani ndi njiri. Njiri muziyang'anitsitse: imadya itagwada ndi miyendo yakutsogolo ngati ikupepesa kwa apongozi, ikadzidzimuka n'kuthawa mchira uli njoo. M'dambo mudzaona anakodzwe ambirimbiri, aubweya wotuwa, okhala ndi mzere woyera wozungulira kumatako. Ngoma zimakonda m'zitsamba, yamphongo nyanga zake zopotana. Mukachita mwayi mphalapala idzatulukira m'mitengo ya tsanya, yamphongo yakuda bii, nyanga zopindikira kumsana. Kwa ine imeneyi ndiye nyama yokongola kuposa zonse m'pakimo, ngakhale anzanga amati ndimakokomeza.

Za mkango ndikuuzeniretu kuti mtima ukhale m'malo. Mikango ilimo, anaibwezeretsa mu 2018, patatha chaka chimodzi atabweretsa akakwiyo, nyama zaliwiro zija zamawangamawanga, kuchokera ku South Africa mu 2017. Mu 2019 anabweretsa zipembere 17 kuchokeranso ku South Africa, ndipo mu 2021 kunabwera mimbulu. Koma kukhalamo ndi kuoneka n'zosiyana. Mkango umagona pamthunzi pafupifupi tsiku lonse, chipembere chimabisala m'zitsamba zowirira. Pa maulendo atatu ife mkango tinauona kamodzi, ndipo chimene tinaona kwenikweni ndi mchira. Gulu limene limalowa ndi mtima wa "tikufuna mkango" limathamangitsa dalaivala, limadutsa zabwino zonse, n'kutuluka likunyinyirika. Yang'anani kumwamba m'malo mwake. Miimba inali itasowa m'pakimu, ndipo inabwerera nyama zolusa zitabwerera. Mukaiona ikuzungulira pamalo amodzi kapena itaunjikana mumtengo, muuzeni wolondolera.

Njira yoonera nyama imene tinaphunzira mochedwa ndi iyi: pezani malo oyang'ana kudambo kapena pachithaphwi, zimitsani injini, khalani phee mphindi 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zisanu zoyamba mudzati palibe kanthu. Kenaka chimene mumati ndi chulu chimagwedeza khutu, chimene mumati ndi chipika chimatsegula kukamwa. Ife okalamba ntchito yokhala chete timaitha kuposa achinyamata, tinaiphunzira pa mizere ya kubanki.

Tsono njovu. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ulendo ungasanduke maliro.

Njovu za ku Liwonde zinachulukana mpaka malo anachepa. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsa njovu 520 kuchokera kuno ndi ku Majete kupita nazo ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Zotsala ndi mazanamazana ndithu, ndipo ntchito zake mudzaziona musanazione zokha: mitengo yothyoledwa, milambe yosendedwa makungwa, ndowe zazikulu ngati mitanda ya nsima ya pa chinkhoswe. Njovu yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 a masamba, udzu ndi makungwa pa tsiku.

Mukazipeza pamsewu, dalaivala aime patali, mtunda ngati theka la bwalo la mpira, ndipo aonetsetse kuti kumbuyo kuli kobwerera. Asaimbe hutala, asaponde moto kuti aziopseze, asadutse pakati pa gulu. Choopsa kwambiri ndi kulowa pakati pa mayi ndi mwana. Njovu imatenga bere miyezi 22, ndiye mwana wovutikira chotero siisewera naye. Ikatambasula makutu, kutukula mutu, kuugwedeza kapena kulira, ikukuuzani kuti mwayandikira. Bwererani pang'onopang'ono. Yamphongo yoyenda yokha, imene ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu pakati pa diso ndi khutu, miyendo yakumbuyo ili yonyowa ndi mkodzo, imeneyo ili pa nyengo yaukali. Ipatseni msewu wonse, ngakhale mudikire theka la ola.

Ulendo wachiwiri gulu la njovu linatidutsa kutsogolo, ina n'kuima, n'kutiyang'ana. M'galimoto munali zii. Kenaka ndinamva amayi a chigwirizano kumbuyo kwanga ayamba pemphero la Ambuye chapansipansi, mawu akunjenjemera. Abusa opuma amene tinali nawo, m'malo motsogolera, anali atatseka maso n'kugwira mpando ndi manja awiri. Njovuyo inathyola nthambi n'kumapita. Patapita nthawi abusa anati, "Mayi, mwapemphera bwino, ine ndimavomereza chamumtima." Chimene tinachita bwino pamenepo n'chakuti palibe anakuwa kapena kutsegula chitseko.

Masana

Pofika 11 koloko dzuwa limakhala lakwera ndipo nyama zalowa m'mithunzi. Inunso chitani chimodzimodzi. Pitani kumene mukakwerere boti, mudye, mumwe mankhwala amasana, muvule nsapato, amene akufuna kuwodzera awodzere. Maola awiri opumawa musawaone ngati otayika, ndi amene amachititsa kuti madzulo mufike kwanu muli anthu.

Ngati mukudya kamba wanu pamalo ololedwa, chenjerani ndi anyani ndi apusi. Musawaponyere nthochi ngakhale akuyang'aneni mwachisoni bwanji. Nyani wozolowera kupatsidwa amayamba kulanda, ndipo mano ake si a masewera. Zakudya zikhale m'galimoto, mawindo otseka.

Boti

Ngati ndalama zikuvuta ndipo muyenera kudula china, dulani nkhuku yamasana, dulani zakumwa, koma boti musadule. Kwa munthu wachikulire palibe njira yoposa imeneyi: wakhala pampando, palibe mabampu, kamphepo kakuwomba, nyama zikubwera zokha kudzamwa madzi.

Pokwera, lowani mmodzimmodzi, wolimba miyendo atsogole kuti azilandira anzake. Valani jekete loyandamitsa ngakhale mukuti munakulira ku Chilwa. Khalani mbali zonse mofanana, ndipo njovu ikaoneka kumanzere musathamangire konko nonse. Dzanja lisalowe m'madzi ngakhale pang'ono. Ng'ona za mu Shire ndi zazikulu, ndipo imene mukuiona pamchenga itayasamula kuti izizidwe si imene muyenera kuiopa. Yoopsa ndi imene simukuiona.

Mvuu mudzaziona mpaka kutopa nazo, pakuti m'chigawo chimenechi cha mtsinje zilimo zoposa 1,000. Masana zimakhala m'madzi m'magulumagulu, maso, makutu ndi mphuno zokha zili pamtunda, ndipo usiku ndi pamene zimatuluka kukadya msipu. Imatha kumira mphindi zisanu osapuma, choncho woyendetsa boti akamakhotakhota pamalo pooneka popanda kanthu, musamufunse, akudziwa chimene chili pansi. Mvuu ikayasamula kukamwa konse si tulo ayi, ikuonetsa mano kuti mutalikire. Musamuumirize woyendetsa kuti ayandikire chifukwa cha chithunzi.

Nthawi imeneyi ndi imene njovu zimatsikira kumtsinje. Kuziona uli m'boti n'kosiyana ndi kuziona uli m'galimoto: mantha amachepa, umaona bwinobwino mmene zimazulira bango, kulitsuka n'kuliponya m'kamwa, ana akugubuduzika m'matope. Nthawi zina zimawoloka mtsinje, thupi lonse m'madzi, chitamba chokha chili m'mwamba.

Ndipo mbalame. M'pakimu muli mitundu yoposa 400. Ine kale mbalame ndinkaziona ngati ndiwo basi, za legeni. Pa Shire ndi pamene ndinayamba kuziyang'ana. Nkhwazi, yomwe ija ya pa chizindikiro cha dziko lathu, imakhala pamwamba pa mtengo, n'kuponya mutu kumbuyo polira. Akakowa amakwera pamisana ya mvuu ngati alipira. Anantchengwa, atsekwe, timbalame tina tobiriwira todya njuchi, zonse zili pomwepo m'mabango ndi m'migwalangwa. Apa ndi pamene magalasi obwereka aja amagwira ntchito, ndipo apanso ndi pamene mudzakanganirana.

Madzi amene mukuyandamapowo ndi a m'nyanja ya Malawi, poti Shire ndi mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanjayi. Amadutsa mu Malombe, n'kutsika m'paki, n'kufika pa Kamuzu Barrage m'tawuni ya Liwonde, pamene zitseko za damu lomangidwa mu 1965 zimawabweza kapena kuwatsegulira kuti akapukuse makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mnzathu wina atamva zimenezi anayang'ana mvuu n'kunena kuti, "Kani ndi inu mumatizimitsira magetsi, akuluakulu?"

Potsika, woyendetsa boti ndi wolondolera apatsidwe kangachepe kawo kuchokera kwa msungichuma, pamaso pa onse.

Pobwerera

Boti la 2 koloko limakutsitsani cha m'ma 4. Pofika hafu pasiti 4 mukhale muli m'galimoto. Mu Julayi mdima umagwa 6 koloko isanakwane, ndipo msewu wa Machinga usiku, ndi njinga zopanda nyale, malole othobwa m'maso ndi dalaivala amene wadzuka 4 koloko, si wabwino. Aliyense adzakuuzani kuti boti lokoma ndi la dzuwa likamalowa. N'zoona, koma limenelo n'la ogona konko.

Ngati nthawi ilipo, imani pang'ono ku Liwonde mugule nsomba za kunyumba. Onani m'makha ngati muli mofiira, dinani ndi chala muone ngati mnofu ukubwerera, ndipo muzimangirire kunja kwa galimoto monga mwa mwambo wathu, apo ayi mufika ku Domasi nonse mukununkha doko la Kachulu. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi nyama ya m'tchire yotsika mtengo, yankho ndi ayi. Ndi nyama ya m'misampha ija, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika pa zaka 30 za ukaidi pa milandu ikuluikulu. Pa msinkhu wathuwu, ndende ya Zomba tiziionera kunja.

Msungichuma awerenge kope lake galimoto ikuyenda, mokweza, kusanade: zolowa, zotuluka, zotsala. Zotsalazo zigawidwe pomwepo, kapena mugwirizane kuti zikhale poyambira ulendo wina. Dalaivala alandire zake zomaliza mutafika, osati musanafike. Madzulo ano ndiye galimoto ikatule aliyense pakhomo pake, poyamba amayi ndi a mawondo, ndipo womaliza kutsika ayang'ane pansi pa mipando. Ife tinapezapo magalasi owerengera awiri, buku la kuchipatala, ndi ndodo ya abusa.